Joseph Lister ndi Cinsinsi ca Mafinya

Pakati pa anthu amene nchito yao inapulumutsa miyoyo yambiri pa dziko lapansi, ali owerengeka opambana Joseph Lister, dotolo wa ku England. Iye sanatulukire mankhwala ocizira nthenda, ndiponso sanali woyamba kung'amba munthu ndi mpeni. Cimene anacita ndico kuyang'anitsitsa m'bala ndi kufunsa funso limene anzace anali ataleka kulifunsa, lakuti mafinya acokera kuti. Ife aphunzitsi a m'midzi, amene kawiri kawiri tikhala oyamba kuona bala la mwana popeza cipatala ciri kutali, tiyenera kuidziwa mbiri ya munthu ameneyu, pakuti yankho lace ndilo maziko a kasamalidwe ka mabala kufikira lero lino.

Ubwana ndi maphunziro ace

Lister anabadwa pa 5 April 1827 ku Upton, m'cigawo ca Essex, kufupi ndi London. Makolo ace anali a mpingo wa Quaker, anthu ofatsa, osakonda nkhondo kapena kudzionetsera. Amai ace, Isabella Harris, anali mphunzitsi pa sukulu ya Ackworth asanakwatiwe. Atate ace, Joseph Jackson Lister, anali wamalonda wa vinyo. Koma akaweruka ku malondako anali kukonza magalasi a maikroskopu, ndico cipangizo cokuza tinthu tosaoneka ndi maso. Anawakonza bwino lomwe kotero kuti zinthu zinayamba kuoneka popanda cimbuuzi, ndipo mu 1832 anasankhidwa kukhala ciwalo ca Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi. Cotero mwanayo anakulira m'nyumba m'mene kusuzumira m'maikroskopu kunali cinthu ca masiku onse.

Mu 1844 analowa University College ku London, cifukwa pa nthawi imeneyo Oxford ndi Cambridge zinali kupereka madigiri kwa anthu a Church of England okha. Iye ali cikhalire wophunzira pomwepo, pa 21 December 1846, dotolo wochuka Robert Liston anadula mwendo wa munthu pa cipatala ca kolejiyo atamgoneka ndi mankhwala a ether, munthuyo osamva kupweteka. Anthu anakondwera nayesa kuti zoopsa za mpeni zatha. Komatu panabuka bvuto lina. Popeza wodwala sanalinso kupfuula ndi kuphiriphitha, madotolo analimba mtima nang'amba anthu ambiri koposa kale. Ndipo ambiri a iwo, atapulumuka pa thebulo, anali kufa patapita masiku owerengeka cifukwa ca kuola kwa bala. Lister anatsiriza maphunziro ace a udotolo mu 1852 akuona zimenezi ndi maso ace.

Zipatala za masiku amenewo

Munthu wolowa m'cipinda ca odwala anali kulandiridwa ndi pfungo la mnofu woola. Dotolo anali kubvala jasi lakale louma ndi mwazi, nayenda kucokera pa kama uyu kunka pa kama uyo wosasamba m'manja. Kacitsulo kamodzi kopimira kuya kwa bala kanali kulowa m'mabala a anthu ambiri, cinkhupule cimodzi cinali kupukuta onse. Sikuti anali anthu ankhanza kapena aulesi ai. Sanadziwe kuti m'manja mwao anali atanyamula imfa.

Panali nthenda zinai zimene zinali kusesa zipindazo. Yoyamba inali yofiiritsa ndi kutupitsa khungu, ndipo inali kufalikira msanga kucokera pa bala; yaciwiri inali yooletsa mnofu kufikira pfupa lionekera; yacitatu inali yobutsa zithupsa m'kati mwa thupi, m'mapapo ndi m'ciwindi; yacinai inali yoipsa mwazi wonse, wodwala nanjenjemera, natentha thupi, nabwebweta, namwalira.

Zizindikiro za bala lobvuta zinali zodziwika kale lomwe. Celsus, mlembi wa ku Roma wa m'zaka zana loyamba, anachula zinai: kufiira, kutupa, kutentha ndi kupweteka. Cimene cinasoweka ndico kudziwa gwero lace. Ambiri anati bala liola cifukwa ca mpweya woipa wocokera ku zinthu zonunkha. Ena anati mpweya uli wonse ukakhudza mnofu uuoletsa. Ndipo pafupi fupi onse anakhulupirira kuti bala lalikulu silingapole lisanayambe latulutsa mafinya. Akaona mafinya olimba, oyera ngati zonona za mkaka, anali kukondwera nawayesa cizindikiro cabwino, cifukwa odwala otere anali kucira kawiri kawiri koposa amene bala lao linali kukha madzi onunkha.

Phazi la cule

Mu 1853 Lister ananka ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kukaphunzira kwa James Syme, amene anali katswiri wa opareshoni. Anati akhale mwezi umodzi, koma anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1856 anakwatira Agnes, mwana wa Syme, nacoka mu mpingo wa makolo ace popeza mkaziyo sanali wa Quaker. Sanaone mwana, koma Agnes anasanduka mnzace wa pa nchito, wolemba m'mabuku zonse zimene mwamuna wace anali kuona, nthawi zina kufikira pakati pa usiku.

Kunyumba kwaoko Lister anatenga cule wamoyo, natambasula kakhungu kopyapyala ka pakati pa zala zace pansi pa maikroskopu. Pa kakhunguko mwazi uoneka ulikuyenda m'timitsempha. Akadonthezapo madzi otentha kapena mankhwala oyabwa, anaona timitsemphato tikukula, mwazi nuyenda pang'ono pang'ono, tizigawo tace nitimamatirana. Anazindikira kuti kufiira, kutentha ndi kutupa kumene kudza poyamba ndiko kuyankha kwa mnofu wamoyo pamene wapwetekedwa. Zimene anapezazo zinasindikizidwa mu 1858. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Zaka zimenezi za kudekha zinamphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anzace anali kuzisokoneza: kutupa kwa bala limene liri m'njira ya kupola, ndi kuola kwa bala limene lagwidwa ndi kanthu kena.

Mafupa awiri othyoka

Mu 1860 anasankhidwa kukhala profesa wa opareshoni pa Yunivesite ya Glasgow, ndipo caka cotsatira anapatsidwa zipinda za odwala pa Glasgow Royal Infirmary. Nyumbayo inali yatsopano, koma imfa zinali zomwe zija. Mzindawo unali wa mafakitale, ndipo anthu othyoka mafupa anali kubwera kosalekeza.

Pamenepo Lister anasinkhasinkha za cinthu cimene dotolo ali yense anali kuciona. Munthu akathyoka mwendo khungu liri losang'ambika, ngakhale pfupa litaphwanyika ndi mnofu kutunduzika kwambiri m'kati, anali kucira popanda mafinya. Koma mnzace wothyoka cimodzimodzi, pfupa nkubowola khungu ngakhale pang'ono pokha, bala lace linali kuola kawiri kawiri, kotero kuti madotolo anazolowera kudula mwendo wotere usanayambe kubvunda. Kusiyana kwao kunali khungu basi. Cotero cooletsaco cinali kucokera kunja.

Nanga cinali mpweya kodi? Lister anakumbukira kuti nthiti yothyoka ikalasa phapo, mpweya ulowa m'cifuwa nusanganizika ndi mwazi, koma m'cifuwamo simuola. Mpweya umenewo wayamba wadzera m'njira za m'mapapo, zimene ziusefa. Anaona tsono kuti mlandu suli pa mpweya weni weniwo, koma pa kanthu kena koyenda nao.

Mu 1865 mnzace Thomas Anderson, profesa wa kemisitiri, anamsonyeza zolemba za Louis Pasteur wa ku France. Pasteur anali atatsimikiza kuti vinyo asasa, mkaka usasa, ndipo msuzi uola cifukwa ca tizirombo tamoyo tosaoneka ndi maso. Akawiritsa msuzi m'botolo la khosi lopindika, m'mene mpweya ulowa koma pfumbi likodwa pa khosipo, msuziwo unali kukhala miyezi wosaola. Lister atawerenga zimenezi anabwereza kuyesako yekha, napeza kuti ndi zoona. Anati ngati tizirombo tioletsa msuzi wa m'botolo, ndi tomweto tioletsa mwazi wa m'bala. Mafinya amene madotolo anali kuwayamikira anali umboni wakuti m'bala mwalowa mdani.

Tizirombo tingacotsedwe ndi moto, ndi kusefa, kapena ndi mankhwala. Bala silingawiritsidwe, ndiponso silingasefedwe; anatsala mankhwala. Lister anali atamva kuti ku mzinda wa Carlisle anathira kaboliki, mankhwala ocokera ku phula la malasha, m'madzi onyansa a m'zimbudzi, ndipo pfungo linatha, ng'ombe zodya msipu wothiriridwa ndi madziwo nizileka kudwala. Anaganiza zoyesa mankhwalawo pa bala.

Mnyamata wa zaka 11

Pa 12 August 1865 anabwera naye mnyamata wa zaka 11, dzina lace James Greenlees, amene gudumu la ngolo linamponda mwendo wa kumanzere. Pfupa la msongolo linathyoka, ndipo panali bala lotseguka. Lister sanadule mwendowo. Anatsuka bala ndi kaboliki, naliphimba ndi nsalu yonyika m'mankhwala omwewo, namanga mwendo ndi timatabwa. Kenaka anadikira, podziwa kuti mafinya akonda kuoneka pa tsiku lacitatu kapena lacinai.

Atapita masiku anai mnyamatayo anadandaula kuti pabalapo palikupweteka. Pomasula, Lister anapeza kuti mafinya palibe, pfungo palibe. Kupwetekako kunali kwa khungu limene linapsa ndi ukali wa mankhwala. Dotolo wina akadaona kufiirako akadati bala layamba kuola. Koma diso lozolowera phazi la cule linatha kusiyanitsa. Anasungunula mankhwalawo kuti acepe mphamvu, napitiriza. Patapita masabata asanu ndi limodzi pfupa linali litalumikizana, ndipo mnyamatayo anaturuka ndi miyendo yace iwiri.

Lister sanathamangire kulengeza. Anayesa ndi kukonza njira yace kufikira mu March 1867, pamene anayamba kusindikiza m'nyuzi ya madotolo ya The Lancet nkhani ya anthu 11 othyoka mafupa obowola khungu. Mwa iwo 9 anacira ndi ziwalo zao, mmodzi anadulidwa ciwalo, ndipo mmodzi anamwalira ndi kutaya mwazi. Anaonjeza malamulo ena: manja a dotolo, mipeni, nsalu ndi khungu lozungulira bala, zonse zitsukidwe ndi kaboliki. M'caka comweco mlongo wace Isabella anadwala khansa ya m'bere, ndipo Lister anamcita opareshoni m'nyumba mwace ku Glasgow motsata njira yatsopanoyo. Bala linapola popanda kuola, ndipo maiyo anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Anakonzanso ulusi wa matumbo a nkhosa wonyika m'kaboliki womangira mitsempha ya mwazi. Ulusi umenewu usungunuka wokha m'thupi, cotero sipanafunikenso kusiya nsonga zace ziri lende kunja kwa bala, monga khomo la tizirombo.

Mu 1870 anaonetsa ciwerengero ca odulidwa ziwalo m'zipinda zace za ku Glasgow. Asanayambe njirayi, mwa anthu 35 anamwalira 16. Ataiyamba, mwa anthu 40 anamwalira 6.

Otsutsa ndi obvomera

Munthu angayese kuti madotolo onse analandira mbiriyi ndi manja awiri, koma sizinatero. Ena anaseka za tizirombo timene sanatione. Ena anayesa kuti kaboliki ndi mankhwala opaka monga ena onse. Anawapaka pa bala, nagwira bala lomwelo ndi manja osasamba, ndipo polephera anati njirayo ndi yacabe. Anagwira mankhwala nasiya ciphunzitso cace. Ngakhale James Young Simpson, dotolo womveka wa ku Edinburgh, anamtsutsa kolimba. Lister anali munthu wamanyazi, wacibwibwi pang'ono, wosakonda makani. Anangopitiriza kuphunzitsa anyamata ace ndi kuitana okaika kuti adzaone odwala ace.

Mu 1869 anabwerera ku Edinburgh kukalowa m'malo mwa mpongozi wace. Mu 1871 anaitanidwa ku Balmoral kukatumbula cithupsa ca m'khwapa mwa Mfumukazi Victoria, naikamo kapaipi ka mphira kotulutsira mafinya, ndipo Mfumukazi inacira. Amene anayamba kubvomera ndi mtima wonse ndi madotolo a ku Germany, amene anali ataona asilikari osawerengeka akufa ndi mabala oola pa nkhondo ya 1870 ndi 1871. Richard von Volkmann wa ku Halle ndi Johann von Nussbaum wa ku Munich anatsata njirayo, ndipo nthenda yooletsa mnofu inazimirira m'zipinda zao. Mu 1875 Lister anayendera dzikolo nalandiridwa ndi ulemu waukulu, ndipo mu 1876 anaoloka nyanja kukaphunzitsa ku Philadelphia.

London ndiye anaumitsa khosi koposa. Cifukwa cace mu 1877 Lister anasiya ophunzira mazana ku Edinburgh nadza ku King's College, kumene poyamba omvera ace anali owerengeka. M'caka comweco anatsegula bondo la munthu wothyoka pfupa la pabondo, nalumikiza zidutswazo ndi waya wa siliva. Pa masiku amenewo kutsegula mfundo ya bondo mwadala kunali kuyesedwa kupha munthu. Munthuyo anacira nayendanso, ndipo okaika anayamba kucepa.

Tizirombo tioneka

Posacedwa mdani uja anaoneka ndi maso. Mu 1878 Robert Koch wa ku Germany anasonyeza kuti nthenda za mabala ziri ndi mitundu yace yace ya tizirombo. Mu 1880 Alexander Ogston wa ku Aberdeen anapima mafinya a m'zithupsa pa maikroskopu, napezamo tizirombo tobulungira, tina tounjikana ngati phava la mphesa, tina tondondozana ngati mikanda ya pa ulusi. Tounjikanato tikonda kukhala malo amodzi ndi kupanga mafinya olimba. Tondondozanato tikonda kufalikira m'khungu ndi m'mwazi. Apa mpamene panagona cinsinsi ca mafinya aja oyamikiridwa: anali cizindikiro ca nthenda yocepako ukali, koma inali nthenda ndithu. Lero tidziwa kuti mafinya ndiwo tizigawo toyera ta mwazi timene tafa polimbana ndi tizirombo, pamodzi ndi tiziromboto ndi mnofu wakufa.

Lister sanacite manyazi kusintha pamene umboni unamtsutsa. Kuyambira mu 1871 anali kupopera kaboliki mu mpweya wa m'cipinda ca opareshoni. Koma poona kuti tizirombo toopsa tidzera kwambiri m'manja, m'zipangizo ndi pa khungu, anabvomera poyera ku Berlin mu 1890 kuti kupoperako kunali kosafunika, nakuleka. Otsatira ace anapitirira pamenepo: anayamba kupha tizirombo ta pa zipangizo ndi nsalu ndi nthunzi yotentha, nabvala magolovesi a mphira. Kaboliki analekeka pa mabala cifukwa aocha mnofu, koma ciphunzitso cinatsala.

Masiku ace otsiriza

Agnes anamwalira mu 1893 ali pa ulendo ku Italy, ndipo kuyambira pamenepo Lister anakhala munthu wacisoni. Ulemu unamdzera wambiri: anakhala mtsogoleri wa Royal Society kuyambira 1895 kufikira 1900, ndipo mu 1897 anapatsidwa dzina la Lord Lister. Anamwalira pa 10 February 1912 ku Walmer, m'cigawo ca Kent, ali ndi zaka 84. Mwambo wa maliro unacitikira ku Westminster Abbey, koma monga mwa kufuna kwace anaikidwa ku manda a Hampstead pambali pa mkazi wace.

Cimene atisiyira ife

Penisilini, amene Alexander Fleming anamtulukira mu 1928, ndi mankhwala ena otere aciza mabala ambiri oola. Koma tizirombo tina tazolowera mankhwalawo, ndipo sangathandize mwana amene wafika ku cipatala mocedwa. Cifukwa cace diso la Lister lifunikabe, ndipo mphunzitsi angathe kukhala nalo.

Bala latsopano lifiira pang'ono m'mbali, litupa ndi kupweteka tsiku loyamba ndi laciwiri. Kumeneko ndi kuyankha kwa thupi, ndipo kucepa tsiku ndi tsiku. Bala logwidwa ndi tizirombo licita mosiyana: kupweteka kwace kukula m'malo mwa kucepa, kawiri kawiri kuyambira tsiku lacitatu, ndipo ligunda ngati mtima. Kutupa kufalikira, pamalopo patentha, paturuka mafinya kapena madzi onunkha. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Yang'anani ngati khungu lada koposa, lanyezimira kapena lalimba, ndipo yerekezani kutentha kwace ndi kwa ciwalo cinzace pogwiritsa kumbuyo kwa dzanja losamba. Lembani mzere ndi colembera kuzungulira malire a kutupako. M'mawa mwace mudzaona ngati kwadumpha mzerewo. Bala lotere lifuna cipatala.

Pali zizindikiro zina zosati nkudikira nazo kuti kuce: mzere wopweteka wokwera kucokera pa bala kunka ku thupi, mwanabere m'khwapa kapena m'mphecepece, kutentha thupi ndi kunjenjemera, kupuma mofulumira, kufooka kapena kubwebweta, ndi mnofu wakuda wonunkha. Pamenepo tizirombo taturuka m'bala, ndipo moyo uli pangozi. Kumbukiraninso kafumbata, amene tizirombo tace tikhala m'dothi ndi m'ndowe. Bala lace lingakhale laling'ono, la munga kapena msomali, lopanda mafinya konse. Cizindikiro cace coyamba ndico kuuma kwa nsagwada. Comchinjiriza ndi katemera, ndipo mwana wolasidwa mozama ayenera kuonedwa ndi anamwino tsiku lomwelo.

Pomanga bala sambani m'manja ndi sopo, tsukani balalo ndi madzi oculuka oyera, makamaka owiritsa ndi kuziziritsa, cotsani dothi lonse, ndipo phimbani ndi nsalu yocapa bwino kuti nchenche ndi pfumbi zisafikepo. Musalole kuti pathiridwe dothi, phulusa kapena ndowe. Ana ambiri amva kwao kuti bala litaya mafinya kuti lipole, monga momwe madotolo ophunzira anakhulupirira zaka mazana ambiri. Tiyeni tiwafotokozere za mafupa awiri othyoka aja, lina lophimbika ndi lina lobowola khungu, ndi kuwalola apeze okha kusiyana kwace. Mwana amene wamvetsa zimenezo adzasamba m'manja asanagwire bala la mng'ono wace ngakhale mphunzitsi palibe.